Ndemanga pa maphunziro a chithandizo choyamba kwa ovulala mu Chipata

Bungwe lina laling'ono la mu mzinda uno wa Chipata limaphunzitsa anthu wamba mmene angathandizire munthu wovulala asanafike kuchipatala, ndipo maphunziro ake amatenga masiku atatu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Kampani yathu yogula mbewu, imene imatumiza magalimoto kumidzi ya ku Chadiza, Vubwi, Katete ndi Lundazi kukanyamula soya, mtedza ndi chimanga, inalipirira madalaivala ake pamodzi ndi ena a ife amene timayang'anira maulendo kuti tikaphunzire nawo. Ndikulemba ndemanga ino chifukwa anzanga a m'makampani ena, aphunzitsi a kusukulu ndiponso atsogoleri a anyamata oyendetsa njinga zamoto akhala akundifunsa ngati maphunzirowa ndi oyenera ndalama zake. Yankho langa ndi lakuti pitani, ndipo musazengereze. Komabe mupite mukudziwa kuti gawo limodzi la maphunzirowa ndi lamtengo wapatali kwambiri, pamene gawo lina linakonzedwa poganizira mayiko amene ambulansi imafika pa mphindi zochepa, zimene sizili choncho kwathu kuno.

Ndiyambe ndi misewu imene timayendamo, pakuti ndiyo muyeso umene ndayesera zonse. Kuchokera ku Lusaka, msewu wa Great East umadutsa pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete usanafike kuno, mtunda woposa makilomita 550, ndipo kuchoka kuno kupita ku Lundazi ndi makilomita ena pafupifupi 180. Zipatala zokhala ndi madokotala ochita opaleshoni, monga Chipata Central, St Francis ku Katete ndi Mwami kufupi ndi malire a Malawi, zilipo ndipo zimagwira ntchito yaikulu, koma zili motalikirana, moti ngozi ikachitika pakati pa tchire wovulala amatha maola asanaonane ndi dokotala. Lipoti la bungwe la World Health Organization la mu 2023 linanena kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amamwalira pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, kuti ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndiponso kuti chigawo cha Africa ndicho chimataya anthu ambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Amene amayamba kufika pa malo a ngozi si dokotala ayi. Ndi dalaivala wa lole yobwera m'mbuyo, kondakitala wa minibasi, mnyamata wa njinga, kapena mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu ku Nyimba. Ku Ghana anazindikira zimenezi zaka zoposa makumi awiri zapitazo, ndipo anayamba kuphunzitsa madalaivala a matakisi, mabasi ndi malole chifukwa ndiwo ankanyamula ovulala ambiri kupita nawo kuchipatala. Maphunziro a kuno ayenera kuweruzidwa ndi funso limodzi lokha: kodi munthu wotereyu, atayimirira pafupi ndi wovulala popanda namwino, akudziwa chochita ndi manja ake?

Pa nkhani ya kuletsa magazi, yankho ndi inde, ndipo ulemu wonse upite kwa mayi amene anatiphunzitsa tsiku loyamba. Ndi namwino wopuma pa ntchito amene anatha zaka zambiri m'chipinda cholandirira ovulala, ndipo tonse tinkawatchula kuti a sisita. Sanayambe ndi zolemba pa bolodi. Anatenga botolo la madzi la theka la lita lomwe anali atathiramo utoto wofiira, n'kulikhuthula pa simenti pakati pa chipinda, madziwo n'kuyenderera mpaka kunsi kwa mabenchi. Anthu anabweza miyendo, ena anagwira pakamwa. Kenako anayang'ana dalaivala wathu wamkulu, bambo wa imvi amene wayendetsa malole kuyambira ali mnyamata, n'kunena kuti, "Abambo, m'thupi mwanu muli mabotolo otere pafupifupi khumi. Atatu akatayika mwayamba kuzizira, mtima ukuthamanga, mutu wasokonezeka. Anayi akatayika, moyo wanu uli m'manja mwa munthu amene waima pafupi nanu." Anaonjeza kuti mtsempha waukulu wa pa ntchafu ukaduka, munthu angathe kumwalira pa mphindi zochepa chabe, ndipo fupa la ntchafu likathyoka magazi oposa lita imodzi angathe kutayikira mkati mwa mwendo popanda ngakhale dontho limodzi kuoneka kunja. Kuyambira pamenepo palibe amene anayang'ananso pa foni.

Anatifotokozera kuti ndondomeko yoyang'ana wovulala motsatana, kuyambira njira ya mpweya, kapumidwe, kenako kayendedwe ka magazi, inakhazikika kudzera m'maphunziro a madokotala otchedwa ATLS, amene anayamba mu 1978 pambuyo poti dokotala wa mafupa wa ku America, James Styner, anagwa ndi ndege yake ku Nebraska mu 1976, mkazi wake n'kumwalira, ana ake n'kuvulala, ndipo iye sanakhutire ndi chithandizo chimene analandira. Patapita zaka, zimene madokotala anaona pa asilikali ovulala kunkhondo zinachititsa kuti kutaya magazi koopsa kuikidwe patsogolo pa zonse. Choncho a sisita anatiphunzitsa kuti maso ayambe afunafuna magazi amene akutuluka mochita kutumpha kapena amene akupanga thamanda pansi, ndipo zina zonse zibwere pambuyo pake.

Chida chawo chophunzitsira chinali chidutswa cha matiresi chimene anachiveka mwendo wa thalauza lakale, n'kuchiboola bala lakuya, mkati mwake n'kudutsitsamo kapaipi kakang'ono kolumikiza ku jakisoni wamkulu wodzaza madzi ofiira aja. Wina akamakankha jakisoniyo, winawe unayenera kulowetsa nsalu m'balamo ndi zala, pang'onopang'ono mpaka lidzaze, kenako n'kuikapo manja onse awiri, zigongono zitawongoka, n'kutsamirapo ndi thupi lonse. Ambiri tinaona kuti kungophimba bala ndi nsalu sikuletsa kanthu, madzi ankangotulukira m'mbali. Iwo ankayenda pakati pathu akunena mawu amodzimodzi, akuti musasuzumire, musatukule kuti muone ngati asiya, pakuti mukatukula mwaphwasula magazi amene anayamba kuundana. Nsalu ikanyowa, onjezani ina pamwamba pake ndipo pitirizani kukanikiza, mphindi khumi kapena kuposerapo. Mphindi khumi munthu atagwada pa simenti, mikono ikunjenjemera, ndi nthawi yaitali kuposa mmene imamvekera, ndipo anaonetsetsa kuti aliyense waimva m'mapewa mwake. Ichi ndicho chinthu chimene buku kapena vidiyo ya pa YouTube singakupatseni, ndipo ndicho chimene munthu amalipirira.

Ngati bala lili pa mkono kapena mwendo ndipo kukanikiza kwalephera, kapena chiwalo chaduka, anatiphunzitsa kumanga chiwalocho pamwamba pa bala kuti magazi asadutse. Apa anatsindika kwambiri chifukwa anthu ambiri amalakwitsa. Waya, chingwe chopyapyala ndi malegeni omangira katundu pa njinga siziyenera, popeza zimacheka mnofu ndi mitsempha koma magazi osasiya. Chofunika ndi nsalu yolimba yopindidwa kuti ikhale yotambalala masentimita 5 kapena kuposerapo, ndipo chitenje chimakwanira bwino. Imangidwe masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pa bondo kapena pa chigongono, kenako pa mfundoyo paikidwe sipanala kapena kamtengo kolimba, n'kupotokola monga timachitira pokungitsa chingwe cha katundu pa lole, mpaka magazi atasiyiratu. Sipanalayo imangiriridwe kuti isabwerere, nthawi ilembedwe pamalo oonekera, ngakhale pamphumi pa wovulalayo, ndipo wina aliyense asamasule kufikira kuchipatala, ngakhale munthuyo alire bwanji, chifukwa zimapweteka zedi. Mnyamata wina anafunsa ngati mwendo sungafe. A sisita sanabise. Anati kwa maola pafupifupi awiri chiwalo nthawi zambiri chimapulumuka, kupitirira apo chiopsezo chimakula, koma mwendo wopulumuka pa thupi la munthu amene watha magazi ulibe phindu kwa ana ake. Anavomerezanso kuti chomangira chopangidwa ku fakitale, chija amati tourniquet, chimagwira bwino kuposa cha chitenje, ndipo n'chifukwa chake anatibwereza kambirimbiri mpaka kugunda kwa mtsempha pa dzanja la mnzathu kutasiya kumveka.

Za njira ya mpweya anaphunzitsanso bwino, ngakhale mwachidule. Munthu wokomoka akagona chagada, lilime lake limabwerera kummero, ndipo magazi kapena masanzi zimamutsamwitsa. Mkonono umene anthu amaumva n'kumati akupuma ndiwo chizindikiro chakuti njirayo ikutsekeka. Anationetsa kuika zala kuseri kwa nsagwada n'kuzikankhira kutsogolo popanda kupinda khosi, ndiponso kutembenuza munthu chammbali anthu atatu kapena anayi mogwirizana, mmodzi atagwira mutu kuti ukhale molunjika ndi msana, iye yekhayo ndiye akulamula nthawi yotembenuza. Wa njinga yamoto asavulidwe helemeti pokhapokha ngati ikumulepheretsa kupuma. Chinthu chimene chabaya n'kutsalira m'thupi, kaya ndi chitsulo kapena galasi, chisazulidwe, koma chitchinjirizidwe ndi nsalu m'mbali mwake kuti chisagwedezeke.

Mkangano unabuka pa nkhani ya madzi akumwa. Dalaivala wathu wamkulu uja anaimirira n'kunena kuti, "A sisita, munthu akulira ludzu pamaso panga, ine ndim'mane madzi? Kwathu zimenezo ndi nkhanza." Mayiwo sanamunyoze. Anati, "Abambo, mtima wanuwo ndi wabwino, ndipo ndi umene wakubweretsani kuno. Koma ludzu limenelo ndi thupi likunena kuti magazi achepa. Mukam'mwetsa, angasanze n'kutsamwa ali m'galimoto, ndiponso akafika kuchipatala angafunike kugonekedwa tulo kuti achitidwe opaleshoni, m'mimba muli madzi. Nyowetsani nsalu, mum'pukute milomo, ndipo muzilankhula naye." Anapitiriza kutchula zizolowezi zina zimene tonse tinakula tikuziona: kuthira madzi munthu wokomoka kuti atsitsimuke, kum'khazika tsonga mokakamiza, kum'kupiza ndi chitenje anthu atamuunjirira, kuthira dothi, shuga kapena mafuta a mabuleki pa bala. Pa kuthira madziko anafotokoza chinthu chimene ambiri sitinkachidziwa, chakuti munthu wotaya magazi amazizira msanga ndipo magazi ozizira saundana bwino, choncho ayenera kufunditsidwa bulangeti ndi kuyalidwa kanthu pansi ngakhale kukhale kotentha kwa mwezi wa October. Ndinayamikira kuti zonsezi anazinena mwaulemu, mosachititsa manyazi akuluakulu amene akhala akuchita zimenezi ndi mtima wofuna kuthandiza.

Tsiku lachiwiri ndi pamene ndinayamba kuona vuto. Pafupifupi tsiku lonse linapita pa CPR, kutsitsimutsa munthu amene mtima wake waima, ndipo amene anaphunzitsa anali mnyamata wothandizira amene ankawerenga zolembedwa mu Chingerezi pa khoma. Zimene ananena n'zoona ndipo n'zoyenera kuzidziwa. Munthu amene sakuyankha komanso sakupuma bwinobwino agonekedwe chagada pamalo olimba, manja aikidwe pakati pa chifuwa, akanikizidwe masentimita 5 mpaka 6 kuya kwake, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo pakatha ka 30 apumiridwe mpweya kawiri ngati wothandizayo angathe, apo ayi apitirize kukanikiza kokha. Ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi wopanda mpweya. Luso limeneli lingapulumutse mwana amene wamira m'damu kapena m'chitsime, munthu amene wagwidwa ndi magetsi kapena kuombedwa ndi mphezi, ngakhalenso wodwala mtima amene wagwa mwadzidzidzi. Mnyamatayo anali wodekha pokonza manja a ophunzira pa chidole, ndipo pa zimenezo ndilibe naye chifukwa.

Koma maphunzirowa analengezedwa kuti ndi a chithandizo cha ovulala, ndipo zoona zake n'zakuti munthu amene mtima wake waima chifukwa magazi atha m'thupi sabwerera kawirikawiri ndi kukanikiza pachifuwa, popeza mtimawo ulibe choti upope. Mfundo imeneyi sinanenedwe momveka, ndipo ndikuopa kuti wina angathe kutha nthawi akukanikiza chifuwa cha munthu amene wapita kale pamene pambali pake wina akutha magazi amene akanaletsedwa ndi manja awiri. Anationetsanso vidiyo yaitali ya makina ogwedeza mtima ndi magetsi, otchedwa AED, amene palibe ndi mmodzi yemwe m'chipindamo anawaonapo pa siteshoni ya mabasi, pa msika wa Kapata kapena pa depoti iliyonse imene timagwirako ntchito. Zidole zophunzirira zinali ziwiri zokha pa gulu lalikulu, moti nthawi yambiri inatha anthu atakhala pa mabenchi kudikira. Theka la tsikulo likanakwanira.

Chimene chikanadzaza theka linalo ndi nkhani ya kunyamula wovulala, ndipo apa ndi pamene pagona dandaulo langa lalikulu. Kabuku kamene anatipatsa kamanena kuti wovulala asasunthidwe, wothandiza aimbe foni n'kudikira ambulansi. Malangizo amenewa ndi abwino kumene ambulansi ili pafupi. Kuno kuli malo ambiri kumene netiweki sigwira, ndipo ngakhale foni ipite, ambulansi ya m'boma lonse ingakhale ili kutali, itanyamula mayi wovutika pobereka. Wovulala wa kwathu amapita kuchipatala kumbuyo kwa Canter, m'minibasi, pa ngolo ya ng'ombe, kapena pa njinga yamoto atapanikizidwa pakati pa anthu awiri. Tonse taonapo mmene amakwezedwera: wina wagwira manja, wina miyendo, mutu ukulendewera, msana utapindika, kenako dalaivala n'kuthamanga m'maenje ndi cholinga chabwino. Munthu amene anali ndi fupa la msana losweka pang'ono angathe kufika atafa ziwalo chifukwa cha kanyamulidwe kameneka. Maphunziro amene salankhula za zimenezi asiya ophunzira ake pa malo enieni amene akufunika thandizo.

Titadandaula, a sisita anatipatsa ola limodzi kumapeto kwa tsiku lachitatu, ndipo ola limenelo linali laphindu kuposa tsiku lonse lachiwiri. Tinatuluka panja, dalaivala wina anabweretsa Canter yake, ndipo a sisita anationetsa kugwiritsa ntchito thabwa lalitali kapena chitseko: kutembenuza munthu chammbali mogwirizana, kulowetsa thabwalo, kum'bwezera, kuika matumba opindidwa mbali zonse ziwiri za mutu, kenako kum'manga ndi zitenje pachifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo kuti asagubuduke. Anationetsa kuti ngati munthu wapondedwa kapena waphwanyidwa m'chiuno, chitenje chimangidwe mothina mozungulira pamene mafupa a ntchafu amalumikizana ndi chiuno, osati pamimba, chifukwa mafupa a m'chiuno akasweka magazi ochuluka amatayikira mkati. Mwendo wothyoka umangidwe ku matabwa kapena makatoni olimba kuyambira pamwamba mpaka kunsi kwa pothyokapo, osayesa kuuwongola mokakamiza. Munthu mmodzi akhale kumutu ulendo wonse, akuyang'ana kapumidwe, wokonzeka kupendeketsa thabwa lonse ngati wovulalayo ayamba kusanza. Dalaivala ayendetse mosadukiza koma modekha, ndipo netiweki ikangopezeka wina aimbire kuchipatala kuti akonzekere. Anatiuzanso kuti ovulala akachuluka tisathamangire amene akukuwa kwambiri, pakuti wokuwa akupuma; tiyambe ndi amene ali chete ndi amene akutaya magazi.

Anatchulanso chifukwa china chosachedwera pamalo a ngozi. Pali mankhwala otchedwa tranexamic acid amene amathandiza magazi kuundana, ndipo kafukufuku wamkulu wotchedwa CRASH-2, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010 atayesedwa pa ovulala oposa 20,000 m'mayiko 40, anaonetsa kuti amachepetsa imfa. Zinadziwikanso kuti phindu lake limapezeka akaperekedwa pasanathe maola atatu chivulalireni. Maola atatu amenewo amatha msanga anthu akamakangana za amene walakwa, akamadikira achibale, kapena akamajambula zithunzi zoika pa Facebook ndi WhatsApp. Zonsezi zinanenedwa mothamanga dzuwa likulowa, ndipo si onse amene anagwira thabwa lija ndi manja awo. Ndikupempha eni bungweli kuti gawo limeneli likhale tsiku lathunthu, lochitikira panja pa galimoto yeniyeni.

Za kudziteteza wekha anazikhudza mokwanira. Wothandiza ayambe waona ngati malowo ndi otetezeka, aike zikwangwani zochenjeza kapena nthambi za mitengo patali mbali zonse ziwiri, azimitse injini ya galimoto yochita ngozi, ndipo pasapezeke wosuta fodya. Misewu yathu imadutsa malole a mafuta, ndipo a sisita anatikumbutsa za ngozi ya ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique mu November 2016, pamene lole ya mafuta inaphulika n'kupha anthu oposa 70 amene anasonkhana kudzatunga mafutawo. Pa mantha a HIV ndi matenda a chiwindi, anati magolovesi ndi ofunika, ndipo akasowa munthu avale mapepala a pulasitiki m'manja. Magazi akakhudza bala lako kapena kulowa m'maso, usambe ndi madzi ambiri n'kupita kuchipatala msanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Koma mantha ena aakulu, oopa kuti ukanyamula wovulala udzasungidwa ngati mboni kapena kuganiziridwa kuti ndiwe wam'gunda, sanayankhidwe mokwanira, ngakhale kuti madalaivala anafunsa mobwerezabwereza. Anangotipatsa manambala, 991 ya apolisi ndi 993 ya ozimitsa moto. Kukanakhala bwino kuitana wapolisi wa pamsewu kapena wogwira ntchito ku RTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, kuti adzayankhe yekha mafunso amenewa, chifukwa luso silithandiza ngati mwini wake akudutsa pa ngozi mwamantha osaima.

Kupsa ndi kulumidwa ndi njoka zinapatsidwa nthawi yochepa koma mfundo zake zinali zolunjika. Mwana akagwera pa mbaula kapena akatayikiridwa phala lotentha, pamalopo pathiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta, osaboola matuza, ndipo nsalu imene yamatirira pa khungu isamatulidwe. Pa njoka, monga mphiri imene imaluma anthu ambiri kuminda, anachenjeza mwamphamvu kuti chomangira choletsa magazi chija chisagwiritsidwe ntchito, pasatemedwe mphini ndipo pasayamwidwe. Munthuyo asayende, chiwalocho chisagwedezeke, mphete ndi zibangili zivulidwe chisanatupe, ndipo apite naye kuchipatala.

Kabokosi ka zipangizo kamene amagulitsa pomaliza sindikulangiza munthu kuti agule. Maonekedwe ake ndi okongola, koma mkati muli mapulasitala ang'onoang'ono, kathonje, kabotolo ka sipiriti, mapiritsi a mutu, magolovesi ochepa, timabandeji topyapyala ndi sizasi yosatha kudula ngakhale thalauza la jinzi. N'kothandiza kwa munthu amene wadzicheka chala kukhitchini, koma pa bala limene tinaphunzira tsiku loyamba zonsezo zinganyowe pa mphindi imodzi. Ndi ndalama zomwezo mungathe kupita ku famase n'kugula bokosi la magolovesi, mabandeji akuluakulu otanuka, nsalu zambiri zophimbira mabala ndi sizasi yolimba, n'kuonjezapo tochi, cholembera chosafufutika, bulangeti ndi zitenje ziwiri kapena zitatu zochapidwa, zositidwa, zosungidwa m'pepala la pulasitiki. A sisita eni ake, titawafunsa pambali, anatchula zinthu zomwezi.

Zina ndi zazing'ono. Chipinda chinali choyera ndi chopita mphepo, chakudya chamasana chinali chokwanira, ndipo nthawi yoyambira ankaisunga. Kabuku kali mu Chingerezi chokha ndipo zithunzi zake n'zazing'ono, pamene ambiri mwa ophunzira amamva bwino Chinyanja. A sisita ankaphunzitsa m'chilankhulo chathu, ndipo kusiyana kwa chidwi cha anthu pakati pa tsiku loyamba ndi lachiwiri kunali koonekeratu. Mtengo ndi wopiririka kwa kampani, koma kwa mnyamata wa njinga yamoto amene akudzilipirira yekha, n'kutayanso masiku atatu a ntchito, ndi wolemera, ndipo amenewa ndiwo anthu amene amafika pa ngozi tsiku ndi tsiku. Bungweli lingachite bwino kukonza maphunziro a tsiku limodzi otsika mtengo, a magazi, mpweya ndi kanyamulidwe kokha, n'kupita nawo kumene anyamatawa amaimika njinga zawo. Satifiketi imaperekedwa kwa aliyense amene wafika masiku onse, popanda kuyesedwa payekha, ndipo palibe dongosolo lodzakumbutsana pambuyo pake, chikhalirecho luso la manja limaiwalika pakapita miyezi munthu asakuligwiritsa ntchito.

Amene mukufuna kulembetsa gulu lanu, funsani musanalipire kuti adzaphunzitse ndani, ndipo ngati n'kotheka pemphani munthu amene anagwirapo ntchito yolandira ovulala kuchipatala. Funsani kuti gululo lidzakhala lalikulu bwanji, ndipo mugwirizane kuti aliyense adzagwada n'kukanikiza bala, adzamanga chitenje ndi sipanala, ndiponso adzanyamula mnzake pa thabwa. Pitani ndi galimoto imene mumagwiritsa ntchito, ndipo nenani poyambirira kuti mukufuna nthawi yokwanira ya kanyamulidwe. Kwathu kuntchito taika thabwa, bulangeti ndi thumba la zipangizo m'galimoto iliyonse yopita kumidzi, ndipo tapangana ndi a sisita kuti abwere ku depoti yathu mvula isanayambe, adzathe theka la tsiku ndi madalaivala ndi onyamula matumba pa nkhani ya kukweza ndi kutsitsa wovulala m'galimoto.